Usiku umene Durant anagwa, ndinali mumsewu ku Toronto

Ndinatera pa bwalo la ndege la Pearson ku Toronto m'dziko la Canada Loweruka pa 1 June 2019, nditachokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ndipo chimene chinanditengera kumeneko sichinali mpira ayi, koma mwambo wa mwana wamkazi wa achemwali anga amene ankalandira digiri yake mwezi womwewo. Alamu anga anabwera kudzandichingamira atavala jezi yofiira yokhala ndi nambala 2 kumsana. Tisanafike n'komwe pamene anaimika galimoto, anali atandichenjeza kale kuti ngati ndabwera ndi nkhani za kumudzi ndiyambe ndazisunga, chifukwa m'nyumba mwawo ku Scarborough munalibe nkhani ina kupatula ya Toronto Raptors ndi Golden State Warriors.

Matimu awiriwa anali mu ndime yomaliza yolimbirana chikho cha basketball cha NBA, ligi yaikulu ya ku America, momwe amasewera mpaka kasanu ndi kawiri ndipo amene wayamba kupambana kanayi ndiye katswiri. Raptors, yomwe inayamba kusewera mu 1995, inali isanafikepo pa ndime imeneyi, pamene Warriors inali kufikapo chaka chachisanu motsatizana ndipo inali itatenga chikhocho mu 2015, 2017 ndi 2018. Masewero oyamba anali atachitika Lachinayi ine ndisanabwere, ndipo Raptors inapambana 118 kwa 109, Pascal Siakam, mnyamata wa ku Douala m'dziko la Cameroon, atagoletsa mapointi 32. Ine ndinakulira pa mikangano ya Bullets ndi Wanderers, ndipo mpira wamanja ndimaudziwa chifukwa cha ma Queens, koma basketball ndinkangoionera patali. Masabata awiri ndi theka amene ndinakhala kumeneko anandiphunzitsa masewerowa kudzera m'kukangana kwa anthu ena.

M'nyumbamo munali mbali ziwiri. Alamu anali a Raptors kuyambira pamene anafika m'dzikolo, ndipo ankakumbukira zaka zonse zimene timu yawo inkagonja kwa timu ya katswiri LeBron James. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka 17, wobadwira ku Toronto konko, anali wa Stephen Curry, katswiri wa Warriors, ndi mtima wonse, zomwe bambo ake ankaziona ngati kugalukira mtundu. Achemwali ankati iwo alibe mbali, koma ndinaona kuti Raptors ikagoletsa mthiko unkaima mumphika.

Masewero achiwiri, Lamlungu pa 2 June, tinaonera pabalaza. Warriors inayamba chigawo chachitatu ndi mapointi 18 Raptors isanagoletse ngakhale imodzi, ndipo mnyamata uja ankayenda uku ndi uku ngati tambala. Koma m'chigawo chomaliza Klay Thompson wa Warriors anatera moipa, n'kutuluka akutsimphina atagwira kumbuyo kwa ntchafu. Mnzake Kevin Durant anali kale panja kuyambira pa 8 May, pamene anavulala katumba posewera ndi Houston. Choncho pa anthu atatu amene Warriors inkadalira pogoletsa kuchokera patali panatsala Curry yekha, ndipo mphunzitsi wa Raptors, Nick Nurse, anachita chinthu chimene chinadzutsa mkangano umene sunathe mpaka tsiku limene ndinanyamuka.

Alamu anandifotokozera mpira utatha, pogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo pa tebulo lodyera. Anaika zitsekerero zinayi ngati ngodya za bokosi pafupi ndi mbale ya ndiwo, yomwe inkaimira pogoletsera, ndipo chachisanu anachimata pa botolo la mchere, n'kumachiyendetsa kulikonse kumene botololo lapita. Anthu anayi amateteza malo, osati munthu, pamene wachisanu, amene usiku umenewo anali Fred VanVleet, ntchito yake ndi kukakamira Curry basi, kaya ali ndi mpira kaya alibe. Njira imeneyi amaitcha box-and-one. Ndinaimvetsa msanga chifukwa mu mpira wamanja ndinaonapo wotchinga akumatirira wogoletsa mpaka kumusowetsa mtendere. Kwa mphindi zoposa zisanu Warriors sinagoletse, kufikira pamene Andre Iguodala, amene anasiyidwa yekha, anaponya mpira wa mapointi atatu kutatsala masekondi osakwana asanu ndi limodzi, masewero n'kutha 109 kwa 104 mokomera Warriors.

"Amalume, zimenezo ndi za ana a sukulu," anatero mnyamata uja, akukankha botolo la mchere ndi chala. Maganizo ake anali akuti timu yodzilemekeza singateteze motero mu ndime yomaliza, ndiponso kuti njirayo ikanakhala yopanda ntchito Thompson ndi Durant akanakhala m'bwalo. Bambo ake anavomera mfundo yachiwiriyo mosavuta, n'kunena kuti n'chifukwa chake Nurse anadikira mpaka Thompson atatuluka, pakuti mphunzitsi amasewera ndi timu imene ili patsogolo pake, osati imene ili m'chipatala.

Masewero awiri otsatira anachitikira ku Oakland, kwawo kwa Warriors, ndipo onse inapambana Raptors. Pa 5 June, Thompson kulibe, Curry anagoletsa mapointi 47 koma timu yake inagonja 123 kwa 109, ndipo pa 7 June, Thompson atabwerera, inagonjanso 105 kwa 92. Pakati pa masiku amenewa tinapita ku mwambo umene ndinabwerera, ndipo ngakhale kumeneko ndinaona makolo ena atabisa jezi mkati mwa jekete.

Loweruka pa 8 June alamu ananditengera kometa tsitsi, m'kachipinda kena m'mbali mwa msewu waukulu ku Scarborough, komwe mwini wake ndi bambo wa ku Cameroon amene anapachika chithunzi cha Siakam pamwamba pa galasi. Munali anthu ngati khumi, ochokera ku West Africa, ku Jamaica ndi ku Philippines, ndipo theka la iwo sanabwere kudzameta. Funso linali limodzi: Raptors ikatenga chikhochi Durant ali panja, kodi chidzakhala chikho chenicheni? Bambo wina wachikulire ankanena kuti mbiri idzalemba kuti Toronto inagonjetsa timu yolumala, ndipo anatchula mayina ngati akuwerenga odwala mu wodi: Durant katumba, Thompson ntchafu, Kevon Looney pachifuwa pafupi ndi phewa, DeMarcus Cousins amene anali atangochira kumene mnofu wa ntchafu umene unang'ambika mu April.

Wometa uja anazimitsa makina ake, mutu wanga uli wometedwa mbali imodzi, kuti ayankhe bwino. Anakumbutsa anthu kuti mu 2015 Warriors yomweyo inatenga chikho kwa Cleveland yomwe inalibe Kevin Love, amene anaguluka phewa, ndiponso Kyrie Irving, amene anathyoka fupa la pabondo m'masewero oyamba a ndime yomaliza. Kenako anatchula 2017, pamene Kawhi Leonard, amene tsopano anali katswiri wa Raptors, ali ku San Antonio, anaponda phazi la Zaza Pachulia wa Warriors n'kubinya kakolo timu yake ikutsogola ndi mapointi oposa 20, ndipo Warriors inapambana masewero amenewo ndi ena onse atatu otsatira. Palibe amene anakabweza zikho zimenezo, anatero. Wina anawonjezera kuti nayonso Raptors inalibe OG Anunoby, amene anachitidwa opaleshoni ya apendikisi mu April, koma mfundo imeneyi anthu anaiseka, chifukwa Anunoby sangafanane ndi Durant, munthu amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu ndime yomaliza zaka ziwiri zotsatizana.

Pa nkhani yoti Durant abwerere kapena ayi, chipindacho chinagawanika mosatsata matimu. Ena ankati munthu wolandira ndalama zochuluka chotero sangakhale pansi anzake akumira. Ena ankati katumba si chinthu chosewera nacho, ndipo mayi wina amene ankadikira mwana wake, yemwe anati amagwira ntchito ya unamwino, ananena motsitsa mawu kuti katumba wosachira amasenzetsa katundu mtsempha wa kuchidendene. Palibe amene anamuyankha, chifukwa nthawi yomweyo kunabuka mkangano wina wokhudza Masai Ujiri, mkulu wa Raptors amene anakulira ku Zaria m'dziko la Nigeria. Iyeyu anachotsa ntchito Dwane Casey m'chaka chomwe Casey anasankhidwa kukhala mphunzitsi wopambana onse, kenako mu July 2018 anapereka DeMar DeRozan, wokondedwa wa mzinda wonse, posinthana ndi Leonard, amene anali atasewera masewero 9 okha chaka chapitacho ndipo anali ndi chaka chimodzi chokha pa mgwirizano wake. Alamu anavomera pamaso pa anthu kuti iwo anali m'gulu la amene anamutukwana Ujiri tsiku limenelo.

Lolemba pa 10 June, Raptors ikufunika kupambana kamodzi kokha, tinaganiza zopita m'tauni. Matikiti olowera mu Scotiabank Arena sitinawaganizire n'komwe. Cholinga chinali Jurassic Park, bwalo la panja pa khomo la nyumbayo pomwe ochemerera amaonera pa sikirini yaikulu ataimirira. Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka pa siteshoni ya Kennedy, n'kusintha pa Bloor-Yonge, n'kutsikira pa Union. Tsikulo kunagwa mvula, ndipo anthu ena anali atayamba kufola dzana lake, motero pofika ife bwalolo linali litadzaza kalekale. Tinakathera pa sikirini ina mumsewu wotsekedwa chapafupi, pakati pa anthu masauzande ovala mapepala apulasitiki pamwamba pa majezi. Mnyamata wathu anavala jezi ya Curry mkati, juzi pamwamba, atalangizidwa ndi mayi ake. Mpira unayamba cha m'ma 9 koloko usiku, ku Malawi ili 3 koloko m'bandakucha, ndipo nyimbo ya fuko la Canada inaimbidwa ndi khamu lonse, m'nyumbamo ndi mumsewu momwe.

Durant anayamba nawo masewerowo, ndipo ngakhale ine wosadziwa ndinaona kusiyana. Munthu wamtali chotero ankaponya mpira kuchokera patali ngati sakuona womutchinga, ndipo mipira itatu ya mapointi atatu imene anaponya yonse inalowa. M'mphindi 12 anali ndi mapointi 11. Bokosi la alamu lija linalibenso ntchito, chifukwa sungamatirire munthu mmodzi pamene oopsa ali atatu. Kenako, chigawo chachiwiri chitangoyamba, Durant anafuna kudutsa Serge Ibaka wa Raptors, anaponda ndi mwendo wamanja kuti anyamuke, mpira n'kumupulumuka, iye n'kukhala pansi m'mbali mwa bwalo atagwira kumbuyo kwa mwendo, m'munsi kwambiri, pafupi ndi chidendene.

Chimene chinachitika mumsewu momwe ndinaima sindidzachiiwala, ndipo sindichikometsera. Anthu ambiri anakuwa mokondwa. Mnyamata wina kutsogolo kwanga anakweza dzanja n'kumabayibitsa sikirini. Mwina ena ankakondwerera mpira umene Ibaka analanda, monga ambiri anadzanenera pambuyo pake, koma ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva mawu amene ankanenedwa. Pa sikirini tinaona Kyle Lowry wa Raptors ndi Ibaka akutambasula manja kuuza anthu a m'nyumbamo kuti akhale chete, ndipo phokoso lija linasanduka kuwomba m'manja, ena n'kuyamba kuitana dzina la Durant pamene ankamutulutsa atamugwirira m'mapewa. Zonsezi zinatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndinayang'ana alamu, n'kupeza manja awo ali m'matumba, nkhope ili pansi. Mwana wawo anali atavula juzi ija, waima ndi jezi ya Curry poyera, misozi ili m'maso, ndipo palibe amene anamunena kanthu. Ndinakumbukira mayi wa kometera uja.

Mpira unapitirira, ndipo mathero ake anabala mkangano wachitatu. M'chigawo chomaliza Leonard anagoletsa mapointi 10 motsatizana yekha, Raptors n'kutsogola 103 kwa 97 kutatsala mphindi zitatu zokha. Mumsewu anthu anali atayamba kukumbatirana, ndipo apolisi okwera njinga anali akuyandikira. Pamenepo Nurse anaimitsa masewero kuti anyamata ake apume. Atabwerera m'bwalo, Thompson anaponya wa mapointi atatu, Curry wina, Thompson winanso, ndipo mpira womaliza wa Lowry kuchokera pakona unakhudzidwa ndi zala za Draymond Green wa Warriors n'kupita kumbali. Warriors 106, Raptors 105.

M'sitima pobwerera munali ngati pa bwalo la milandu. Ambiri ankati Nurse anathira madzi pa moto wake womwe, anapatsa Warriors mpata wopuma pamene inali itatheratu. Ochepa ankati Leonard ndi Lowry anali atatopa zooneka ndi maso, ndiponso kuti malamulo amachepetsa mipata yoimitsa masewero imene mphunzitsi angakhale nayo m'mphindi zitatu zomaliza, choncho mpata umenewo ukanangotayika. Alamu, amene sabata yapitayo ankatamanda Nurse ndi zitsekerero, tsopano ankati munthuyo amaganiza mopitirira muyeso. Mwana wawo, amene timu yake inapambana, sanalankhule mpaka pa Kennedy. Titafika kunyumba tinapeza pa kanema mkulu wa Warriors, Bob Myers, akulankhula ndi atolankhani uku akulira, kunena kuti vuto linali pa mtsempha wa kuchidendene, ndipo patapita masiku awiri Durant mwiniwake analengeza kuti mtsemphawo unaduka ndipo wachitidwa opaleshoni.

Masiku atatu otsatira ndinali ndi nthawi yoganiza, ndipo apa ndi pamene ndinasiya kungomvera n'kukhala ndi maganizo anga. Onse okangana aja ankatenga kuvulala ngati mphezi, chinthu chongogwa, chomwe chimakomera wina n'kupweteka wina. Koma alamu omwewo anali atandidandaulira kuti m'nyengo ya ligi anagulapo tikiti yodula n'kupeza Leonard sakusewera, osati chifukwa chovulala koma chifukwa madokotala a timu anati apume. Pa masewero 82 a ligi Leonard anasewera 60 okha, ndipo sankaseweretsedwa masiku awiri otsatizana. Ochemerera ambiri ankaona ngati akuberedwa. Komatu munthu yemweyo ndi amene pa 12 May anaponya mpira womaliza wogonjetsa Philadelphia, umene unadunda kanayi pa mkombero usanalowe, ndipo ndi amene anatsogolera timu kupambana kanayi motsatizana kwa Milwaukee itagonja kawiri koyamba, akutsimphina koma osagwa. Warriors inali itasewera mpaka June zaka zisanu zotsatizana, matupi atatopa, ndipo itapanikizika inabweza munthu amene anakhala mwezi wathunthu osasewera. Sindikunena kuti wina anachita dala, pakuti sindinali m'chipinda cha madokotala. Ndikunena kuti timu imodzi inayamba kusamala mwendo wa katswiri wake mu October, ikunyozedwa ndi anthu ake omwe, ndipo zimenezo ndi nzeru za mpira mofanana ndi bokosi la Nurse. Nditanena izi pa chakudya chamadzulo, mnyamata uja anandiyankha mwaulemu kuti, "Amalume, mwakhala kuno masiku khumi okha." Sanalakwe.

Masewero achisanu ndi chimodzi, Lachinayi pa 13 June, anali omaliza kuseweredwa mu Oracle Arena ku Oakland, Warriors isanasamukire ku San Francisco. Tinaonera kunyumba chifukwa achemwali anakana zoti tikanyowenso. Lowry, amene anthu anamunena masiku atatu onsewo chifukwa cha mpira wa pakona uja, anagoletsa mapointi 11 oyamba a Raptors yekha. Koma munthu amene ankaoneka kuti atenga masewerowo anali Thompson, yemwe anali ndi mapointi 28 pamene analumpha kuti akhomere mpira m'chigawo chachitatu, Danny Green wa Raptors n'kumugunda m'mwamba, iye n'kutera pa mwendo wamanzere bondo n'kupindika. Anamutulutsa, koma ali m'kanjira kopita kuchipinda anabwerera, chifukwa lamulo limati wovulala akapanda kuponya yekha mipira yachilango sangalowenso m'masewerowo. Anaponya iwiri, yonse inalowa, kukwanitsa 30, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti anaiponya mtsempha wa m'bondo uli woduka. Ulendo uno m'nyumbamo simunamveke mawu. Alamu anadzuka n'kukaima kumbuyo kwa mpando wa mwana wawo.

VanVleet, amene palibe timu imene inamusankha pochoka ku koleji, anagoletsa mapointi 12 m'chigawo chomaliza. Curry anapeza mpata umodzi woti apambanitse timu yake kutatsala masekondi ochepa, mpira n'kugunda mkombero. Masewero anatha 114 kwa 110, chikho n'kutuluka mu United States kwa nthawi yoyamba, kupita ku dziko la James Naismith, munthu wa ku Almonte m'chigawo cha Ontario amene anayambitsa masewerowa mu 1891. Panja magalimoto analiza mahutala mpaka m'bandakucha, ndipo achemwali aja opanda mbali anatuluka pakhonde ndi chivundikiro cha poto ndi mthiko.

Lolemba pa 17 June tinapita kukaona chikhocho chikuyendetsedwa mumzinda pa mabasi opanda denga, kuchokera ku Exhibition Place kupita ku Nathan Phillips Square. Anthu anachuluka kwambiri moti mabasi anachedwa maola angapo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ife tinangoona Marc Gasol ndi Siakam patali, pamwamba pa mitu ya anthu. Tinanyamuka msanga chifukwa cha ludzu, ndipo tili m'sitima tinamva kuti pafupi ndi bwalolo kunawombedwa mfuti, anthu anayi n'kuvulala. Mnyamata wathu anabwera nawo, atavala malaya wamba, ndipo anajambula bambo ake zithunzi zambiri popanda kudandaula.

Ndinanyamuka Lachitatu. Pa bwalo la ndege alamu anandipatsa chipewa cholembedwa We The North, mawu a ochemerera Raptors, ndipo mwana wawo anandinong'oneza kuti Durant ndi Thompson akanakhala bwino, Warriors ikanapambana m'masewero asanu. Bambo ake anamva, n'kuyankha kuti mawu akuti "akanakhala" sanapachikidwepo pa denga la bwalo lililonse. Kumayambiriro kwa July, ndili ku Lilongwe, foni inalira m'mawa: unali uthenga wa alamu pa WhatsApp wonena kuti Leonard wapita ku Los Angeles Clippers. Pasanathe mphindi unabwera wina wochokera kwa mwana wawo, wopanda mawu, chithunzi chokha cha botolo la mchere lili lokha patebulo.